Timiyala ta M'makutu a Nsomba

Sajeni Foster Makwinja anali asanakhale n'komwe pampando pamene a Dickson Simkoko, mphunzitsi wopuma, analowa pa polisi chipewa chili m'manja, akupumira m'mwamba. Unali m'mawa wa Loweruka m'mwezi wa Ogasiti, mphepo ya kumapiri ikuulutsa fumbi lofiira paboma la Chitipa ponse.

"Mwaghona, adada," anatero Sajeni, kuwapatsa moni wa kwawoko.

"Sitinagone, mwana wanga. Atibera. Atenga miyala ya Eluby."

Sajeni anasuzumira panja, kenako anatseka chitseko. Masiku amenewo mawu oti miyala sankatchulidwa mokweza ku Chitipa. Miyala yamtengo wapatali inkadutsa m'tinjira ta kumalire, ndipo wogwidwa nayo ankafunsidwanso kuti akuthandiza ndani kunja kwa dziko. Mafunso otero ankatha kumusowetsa munthu kwa zaka.

"Miyala yanji, adada?"

"Ya nsomba."

Sajeni anayesa kuti sanamve bwino, koma sanafunsenso. Anangotenga chipewa chake. Kunyumba kwa a Simkoko sakanatumako wapolisi wina. Chaka chimene anafika ku Chitipa kuchokera kwawo ku Mulanje, mkazi wake Flora anadwala mwakayakaya atangobereka, iwo alibe m'bale ngakhale mmodzi. Mayi Esnat, akazi a aphunzitsiwa, ndiwo anakamudwazika kuchipatala, khanda lija, Janet, lili kumsana kwawo, mpaka anachira. Sajeni sankadutsa pakhomo pawo osavula chipewa.

* * *

Eluby anamupeza ali pakhonde, maso atatupa. Anali mwana woyamba wa a Simkoko, wa mkazi wawo woyamba amene anamwalira iye adakali wamng'ono. Boma lonse linkamunyadira: mtsikana wokulira m'mapiri, kutali ndi nyanja iliyonse, amene tsopano ankaphunzira za nsomba za m'nyanja yamchere pa yunivesite ina ku Ulaya.

"Mundifotokozere ngati mukufotokozera mwana wa sitandade wani," anatero Sajeni. "Chabedwa n'chiyani?"

"Nsomba ili ndi timiyala toyera m'mutu, m'kati mwa makutu," anayankha Eluby. "Timakula pamodzi ndi nsombayo. Mukakadula kamodzi n'kukaika pa makina okuza zinthu, mumaona mizere ngati ya pachitsa cha mtengo. Mzere uliwonse ndi chaka. Mukadziwa zaka za nsomba zimene asodzi akukoka, mumadziwa ngati akupha ana asanaswane, ndiponso ngati mtunduwo ukutha."

"Inu munatitenga kuti?"

"Ku Mombasa. Zaka ziwiri ndakhala ndikulawirira kugombe kukadikira asodzi, kuyeza nsomba, kuswa mitu mpaka zala kuchita matuza. Nsomba iliyonse kabotolo kake ndi nambala yake. Tonse tinali m'bokosi lathabwa, m'mathireyi osanjikiza. Ndinali pa ulendo wobwerera ku Ulaya kukatiwerenga, ndiye ndinakwera sitima mpaka ku Tunduma, ku Tanzania, kuti ndidzere kuno ndione adada. Ndege yanga ikunyamuka ku Lilongwe Lachinayi."

"Bokosilo likapanda kupezeka?"

"Palibe udokotala. Si wa jakisoni, a Sajeni, ndi digiri yomaliza ija. Komanso pulofesa wanga wandisungira malo oti ndikamaliza ndikapitirize kafukufuku pa sitima yapamadzi. Malo amenewo anthu a mayiko ambiri amawalimbirana. Ndikafika chimanjamanja apatsa wina." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Chikundipweteka n'chakuti wotengayo sapindula kanthu. Timiyalato n'tachabechabe kwa aliyense, kupatula ine."

Nkhani yake inali yachidule. Dzulo lake, Lachisanu, panali phwando lothokoza Mulungu kuti wafika bwino. Bambo ake, mwa chimwemwe, anamuuza kuti aonetse alendo zimene wabwera nazo. Anatsegula bokosi pakhonde, anthu anasuzumira n'kugwedeza mitu, kenako analibwezera kuchipinda n'kukhoma loko. Alendo atabalalika chakumadzulo, anapeza loko ali chikhomere, bokosi mulibe.

Sajeni anakaona chipindacho. Loko analibe pokanda. Zenera linali lotseka, ndipo ukonde wa kangaude pakona pake unali wosaduka.

"Makiyi ali ndi ndani?"

"Wina ndili naye ine. Winayo ali ndi amama."

* * *

Mayi Esnat anali kukhitchini, akukwecha mapoto a phwando ndi mchenga. Anali mayi wowonda, wosachulutsa mawu, ndipo Chichewa chawo chinkamveka Chitumbuka.

"Flora wawuka uli? Mwana chifuwa chija chinapola?"

"Ali bwino, amama, yewo. Ndabwera ndi mafunso a ntchito, mundikhululukire."

"Funsani."

"Dzulo munali kuti, bokosi litabwezedwa kuchipinda?"

"Muno. Anthu onse aja akadadya chiyani ine ndikadachoka? Ndinatuluka kamodzi basi, kupita kunkhokwe kukatapa mawere a chindongwa, thobwa lija la alendo."

"Kiyi wa kuchipinda?"

Anamuonetsa mfundo ya pansonga ya chitenje chawo. "Sachoka apa. Sindinampatse munthu."

Sanadzutse mutu nthawi yonseyi. Sajeni anaona, koma anadziuza kuti ndi chisoni.

Kuseri kwa nyumba, pafupi ndi nkhokwe, anapeza Yakobo akukhomerera chikopa cha mbuzi pansi kuti chiume. Yakobo anali mwana wa malemu mng'ono wawo wa a Simkoko, ndipo anakulira pakhomo pomwepo. Sukulu anaisiyira panjira, n'kuyamba geni yowolotsa shuga kupita ku Tanzania n'kubwerako ndi zitenje.

"Shikamoo, bwana Sajeni!" anatero akuseka, kumupatsa moni wa Chiswahili. "Ndadziwa kale, chikasowa chinthu pakhomo pano dzina loyamba ndi Yakobo. Koma ulendo uno pole sana, pepani. Funsani aliyense. Mbuzi ziwiri ndekha, bwana: kupha, kusenda, kutumbula, kuwotcha. Kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa ndinali pano pomwe ndaimapa, magazi mpaka m'zigongono. M'nyumba sindinapondemo."

"Nanga miyala unaionera kuti?"

"Pakhonde, pamene amaonetsa. Ndinathamangira ndi mpeni m'manja. Safi sana, bwana, yoyera mbee, iliyonse m'kabotolo kake ngati mankhwala a mzungu. Akuti ndi ya nsomba." Anatsinzina diso limodzi. "Inu mukuona bwanji? Mzungu angamulipirire munthu ndege chifukwa cha mutu wa nsomba? Ife sitinaphunzire, koma timayenda."

Azimayi awiri oyandikana nawo, amene ankalandira nyama kwa iye, anavomereza: Yakobo sanachoke pa mbuzi. Sajeni akutembenuka, mnyamatayo anamuitana motsitsa mawu.

"Mukafunseko a tcheyamani, bwana. Dzulo maso awo anali pa bokosi, osati pa nyama."

* * *

A Amos Kayange, tcheyamani wa chipani m'deralo, anali pakhonde la golosale yawo, baji ikunyezimira pa jekete. Sanamupatse Sajeni mpando.

"Mukufunsa ine? Ine ndinaitanidwa ngati mlendo wolemekezeka, ndinakhala kutsogolo ndi abusa. Koma poti mwabwera, ndikuuzeni. Mtsikana walowa m'dziko muno kudzera kwa anthu amene amasunga zigawenga. Wabwera ndi bokosi la miyala. Akuti ndi ya nsomba. Ine ndadya nsomba moyo wanga wonse, sindinalumepo mwala. Ife ndife maso a chipani, a Sajeni. Sitigona."

"Ndiye munaganiza zotani?"

"Ndinakonza zobwera lero masana ndi anyamata anga, kudzatenga bokosilo pamodzi ndi mwiniwake, akafotokoze kwa akuluakulu ku Mzuzu."

"Munauzako ndani?"

"Mlembi wanga yekha, pa phwando pomwepo. Tinapatukira kuseri kwa khitchini, kopanda anthu."

"Nanga m'khitchinimo munalibe anthu?"

A Kayange anaseka. "Azimayi ndi utsi wawo? Amamva chiyani amenewo?"

Sajeni anathokoza n'kuvala chipewa. Koma a tcheyamani anali asanamalize.

"Zoti labedwa ine sindikuzimva. Alibisa okha. Masana ndikubwera ndithu. Bokosi likapanda kuoneka, ndiye kuti mlandu wakula. Mtsikanayo Lachinayi sakwera ndege, akwera landirova."

* * *

Pobwerera anadzera kunyumba kwake, mutu uli wolemera. Flora anamutungira thobwa m'kapu. Anamwako pang'ono, kenako kapu inaima m'malere.

"Mayi a Janet, chindongwa cha kuno mumaphika bwanji? Munthu angatape mawere m'nkhokwe lero, alendo n'kumwa lero lomwe?"

Flora anaseka mpaka kugwira m'mimba. "Amuna inu! Mawere muviike, mudikire amere, muyanike, mupere chimera, muphike, chigone. Phwando likakhala Lachisanu mumayamba sabata yathayo. Bwanji, mukufuna muyambe kuphika?"

Sajeni sanaseke. Anaika kapu pansi pang'onopang'ono. Mwa anthu onse a m'boma la Chitipa, munthu amene anamunamiza m'mawa umenewo anali yemwe uja amene anapulumutsa mkazi wakeyu.

Atabwerera kwa a Simkoko, anawapeza mayi Esnat ali okha, akuyanika mbale pathandala. A Simkoko ndi Eluby anali m'nyumba ndi abusa, akupemphera.

"Amama," anatero motsitsa, "dzulo kunkhokwe simunakatape mawere. Munakasiyako chinthu."

Mayiwo anaimika mbale ija bwinobwino, n'kupukuta manja. Kwa nthawi yoyamba anamuyang'ana m'maso.

"Khoma la khitchini yanga ndi la bango, dada. Ndinamva zonse zimene Kayange amanong'oneza mlembi wake. Inu mukudziwa, amene amapita ku Mzuzu pa landirova sabwerako msanga. Ndinati, akabwera osapeza miyala, amugwira ndi chiyani mwanayo? Ndinalikulunga m'chitenje, ndinaliika m'dengu, ndinadutsa nalo pakati pa anthu onse. Palibe amayang'ana mzimayi wasenza dengu."

"Bwanji osamuuza mwiniwake? Wagona akulira."

"Eluby satha kunama. Kayange akanangomufunsa kamodzi, nkhope ikanayankha yokha. Ndinati alire zenizeni, Kayange aone misozi. Bambo ake nawo ndi chimodzimodzi, n'chifukwa sindinawauze. Sindinadziwe kuti alawirira kupolisi." Anapumira pansi. "Anthu ayamba kale kunena kuti mayi womupeza wachita nsanje. Anene. Ine ndinamulandira mwana ameneyu ali ndi zipere kumutu. Fizi yake ya kusekondale inachokera m'munda wanga wa nyemba. Sindingamuone akukwera landirova."

Sajeni anapukusa mutu. "Nzeru yanu inali yabwino, amama, koma a Kayange aidumpha. Akuti bokosi likapanda kuoneka amutengabe. Chomupulumutsa tsopano ndi kulionetsa poyera, aone okha kuti si miyala ya malonda. Tiyeni tikalitenge."

Anapita kunkhokwe. Mayi Esnat anakwera pa mpando, anatsegula kachitseko n'kupisa dzanja m'mawere. Anafufuza uku ndi uku, anapisa mpaka phewa. Kenako anatembenukira kwa Sajeni.

"Mulibe."

M'mawere munali dzenje la makona anayi, ndi chitenje chopanda kanthu.

Sajeni anayang'ana pansi. Chikopa cha mbuzi chija chinali pomwepo, chokhomedwa mbali imodzi yokha, nyundo itatayidwa pambali pake. Munthu amene anakhala pamenepo tsiku lonse la dzulo sakanalowa kuchipinda, zoona. Koma sakanalepheranso kuona mzimayi akukwera kunkhokwe ndi dengu lolemera n'kutsika nalo lopepuka.

"Yakobo ali kuti?"

Njinga ya aphunzitsi, imene inkatsamira pa mtengo wa mango, panalibe.

* * *

Loweruka linali tsiku la msika ku dooko la mtsinje wa Songwe, kumene ogula miyala ochokera kutsidya ankabwera mwakabisira. Landirova ya polisi inalibe mafuta. Sajeni anabwereka njinga yamoto ya mlangizi wa zaulimi, ndipo asanailize Eluby anali atakhala kale kumbuyo, atamanga chitenje cholimba.

"Tsikani, mayi. Iyi ndi ntchito ya polisi."

"Akatsegula mabotolo n'kusakaniza timiyalato, ngakhale mulibweze bokosilo ndiye kuti latha ntchito. Inu simungadziwe chofunika kupulumutsa. Tiyeni."

Msewu unali wa mabampu ndi fumbi. Matayala a njinga yakapalasa ankaoneka bwino mumchenga, akulowera kumpoto. Yakobo anali atawatsogolera kwambiri, koma zitunda za njira imeneyo zimamutsitsa munthu panjinga kuti azikankha.

Atayandikira dooko, Sajeni anazimitsa injini, ndipo anatsetsereka wapansi kudutsa m'nthochi. Anamva mkangano asanaone anthu. Pansi pa mkuyu, kutali pang'ono ndi msika, panakhala bambo wina wa kofia yoyera, pulayala ili m'manja. Patsogolo pake panali mpango woyalidwa, ndipo pampangopo panali mulu wa timiyala toyera. Timabotolo topanda kanthu tinali mbwee pa udzu. Eluby anagwira pakamwa.

Bamboyo anapana kamwala kamodzi ndi pulayala. Kanaphwanyika ngati choko.

"Mifupa ya samaki!" anakalipa, akupukutira ufawo pa thalauza. "Mafupa a nsomba, ndugu! Ukundiyesa mwana ine?"

"Yesani ya m'thireyi ina, bwana, inayo ndiyo yeniyeni," anachonderera Yakobo, dzanja likupita ku bokosi.

"Usakhudze!" anakuwa Sajeni, akutulukira.

Wa kofia uja atangoona yunifolomu anadumphira m'madzi, n'kuwoloka nsapato zili kuphazi. Yakobo ananyamula bokosi n'kuthamangira pa thanthwe lina lotsamira pamwamba pa dziwe lakuya. Analikweza m'mwamba ndi manja awiri.

"Mukasendera ndiliponya! Popanda katundu palibe mlandu, bwana, malamulo ndimawadziwa!"

Sajeni anaima. Pakati pawo panali mtunda woti sakanaudumpha bokosi lisanagwe. Pansi pa thanthwelo madzi ankazungulira, obiriwira.

Eluby anadutsa pambali pa Sajeni, n'kukaima poyera manja ali pansi.

"Yakobo, mlongo wanga, tamvera. Ukaliponya, iwe upulumuka. Koma a Kayange akubwera masana ano kudzanditenga ine. Akuti ndabweretsa miyala ya zigawenga. Amama analibisa chifukwa cha zimenezo. Chondiombola ndi bokosi lomwelo, kuti aone okha kuti ndi mafupa."

Yakobo anamuyang'ana modabwa. "A Kayange? Ine ndimayesa amama akukubisira chuma kuti ife tisachione."

"Chuma chake n'chimene waona pa pulayala paja."

"Ndiye unkanena zoona? Zaka zonsezi kunja, ukutola mafupa a nsomba?"

"Ndinakuuza dzulo pamaso pa anthu."

"Ndimayesa ukutinamiza kuti tisakupemphe." Mawu ake anasweka. "Aliyense pakhomo paja ndi Eluby, Eluby. Ine ndimasenda mbuzi. Ndinati kamodzi kokha nanenso ndigwireko chinthu cha ku Ulaya."

"Wachigwira. Tsopano nditsitsire, manja ako atopa."

Yakobo anayang'ana madzi, anayang'ana mlongo wake. Kenako anagwada pathanthwe paja, n'kuliika bokosi pansi mosamala ngati dzira.

Eluby analitsegula pomwepo, akusolola thireyi imodzi ndi imodzi, milomo ikuyenda. Ya pamwamba inali yopanda kanthu. Timiyala take ndi tija tinali pampango, tosakanizika, topandanso ntchito. Zina zonse zinali bwinobwino, kabotolo kalikonse pamalo pake.

"Zatayika za miyezi iwiri ya mvula," anatero. Anaseka misozi ikutsika. "Pulofesa akalipa. Koma zotsalazi zikwana. A Sajeni, zikwana!"

Sajeni anatola mpango uja n'kuumanga mfundo. "Mafupa awa musawataye. Akagwira ntchito ina."

* * *

Anafika dzuwa litapendeka, Eluby atafungatira bokosi, Yakobo akubwera m'mbuyo pa lole ya chimanga ndi njinga ya aphunzitsi, wapolisi wa kudooko atamugwira lamba. Pabwalo la a Simkoko panali a Kayange ndi anyamata awo a malaya ofiira, ndipo anthu oyandikana nawo anali ataunjikana kumpanda.

"Si izi!" anatero a tcheyamani. "Ndinanena kuti lituluka. Bweretsani kuno."

"Lili m'manja mwa polisi, a tcheyamani," anayankha Sajeni mwaulemu. "Koma poti ndinu maso athu, ndi bwino muone nokha." Anamasula mpango uja n'kuuyala patebulo. "Amama, muli ndi nsomba youma m'nyumbamo?"

Mayi Esnat anabwera ndi chambo chouma cha ku Karonga. Eluby anachilandira, anapempha mpeni, n'kudula mutu pamwamba pa maso. Anatokosa pang'ono ndi nsonga ya mpeni, ndipo kamwala koyera, kochepa ngati njere ya mpunga, kanagwera m'dzanja lake. Anatokosanso, kanagwa kachiwiri. Anatiika pambali pa mulu uja. Kusiyana kwake kunali kukula kokha.

Anthu anasendera. Mmodzi wa anyamata a malaya ofiira anatola kamodzi, anakaluma, n'kulavula. "Ndi fupa, bwana," anatero, ndipo kumpanda kunamveka kuseka kobisa.

Nkhope ya a Kayange inada. Sajeni anadziwa kuti munthu wotere akachita manyazi pagulu amaluma, choncho anafulumira.

"A tcheyamani anachita bwino kukhala tcheru. Pakanapanda iwo kundiuza kuti bokosili n'lofunika kulifufuza lero lomwe, bwenzi litawoloka Songwe. Tsopano akuluakulu akamva kuti mwana wa m'dera la a Kayange ndiye akuphunzitsa azungu kuwerenga zaka za nsomba."

A Kayange anakonza jekete. Mawuwo anawakomera, koma mtima unali usanakhazikike. Maso awo anayenda pabwalo ponse, n'kukaima pa khoma la bango la khitchini. Anakhala akuliyang'ana, kenako anatembenukira kwa Yakobo.

"Iwe. Chipinda chinali chokhoma, ndipo akuti sunachoke pa mbuzi. Bokosili unalipeza kuti? Alipo anakutulutsira? Alipo anamva zimene sanayenere kumva?"

Mayi Esnat anaima pakhomo la khitchini, mutu wa nsomba uja uli m'manja. Sajeni anadziwa kuti Yakobo akangotchula nkhokwe, mlandu wake uchepa, chifukwa kutola chinthu m'nkhokwe ya kwanu si kuthyola nyumba. Anadziwanso kuti mayi amene wasokoneza ntchito ya chipani sagona pakhomo pake tsiku limenelo. Ndipo panalibe chimene iye akanachita.

Yakobo sanayang'ane kukhitchini. Anakweza mapewa, n'kumwetulira kumwetulira kwake kwa masiku onse kuja.

"Ine wonditulutsira, bwana tcheyamani? Loko wa ku China ameneuja? Kawaya kanjinga basi, haraka haraka, msangamsanga, pamene abusa amapemphera anthu onse atatsinzina. Ndinatsegula, ndinatenga, ndinakhomanso. Azimayi aja amati sindinachoke chifukwa ndinawapatsa chiwindi."

"Wekha?"

"Ndekha. Wakuba wanzeru sagawana."

A Kayange anamuyang'anitsitsa, kenako analavula pambali. "Mwana wopanda mwambo. A Sajeni, mumutsekere." Anakodola anyamata awo, n'kutuluka pachipata mimba ili patsogolo.

* * *

Anthu atabalalika, Sajeni anawafotokozera a Simkoko zonse, motsitsa mawu, pakhonde. Mkuluyo anamvetsera osaphethira. Kenako ananyamuka ndi ndodo yake, n'kupita kukhitchini kumene sankalowako chilowereni m'banja. Anaima pakhomo, chipewa chili pachifuwa.

"Esnat," anatero. "Ndagha. Ndagha, mama." Anali kuthokoza m'chilankhulo cha kwawo.

Eluby anawadutsa, n'kukagwada paphulusa, kugwira maondo a mayiwo.

"Dzuka, udetsa siketi," anatero mayi Esnat. Koma dzanja lawo linakhala pamutu pake nthawi yaitali.

Potuluka, Eluby anamugwira Sajeni dzanja ndi manja awiri. "Sindikudziwa kuti ndikuthokozeni bwanji. Ndikamalemba buku la udokotala wanga, kutsogolo kuli tsamba lothokoza anthu. Dzina lanu likakhalapo."

"Ayi, mayi, la ine musalembe. Mabuku amawerengedwa ndi anthu ambiri, ena osafunika. Ine ndangobweza pang'ono zimene ndinalandira pakhomo pano."

"Nanga Yakobo? Ine sindikudandaula za iye. Sindikufuna mlandu."

"Wodandaula akakana, mlandu ulibe miyendo. Koma agone kupolisi kwathu mpaka inu mutanyamuka, a Kayange aone kuti tamutsekera. Akatuluka msanga ayamba kufunsanso mafunso."

Chakumadzulo, dzuwa lisanalowe, Sajeni ali mu ofesi anamva kugogoda. Anali Eluby, atanyamula mbale yomanga m'kansalu.

"Amama aphika mbalagha, nthochi ndi nyama yambuzi ija. Amati atume munthu, ndati ndikapereka ndekha."

Sajeni anamutsogolera kuseri. Yakobo anali atakhala pakona ya selo, mutu uli pamaondo. Ataona mlongo wake anatembenukira kukhoma.

"Wabwera kudzandiseka?"

"Ndabwera kudzakuthokoza. Idya zisanazizire."

Anadya mwakachetechete, osadzutsa maso. Atafika pakati anaima, n'kunyambita chala.

"Eluby. Nyanja yamchereyo, akuti kutsidya kwake sikuoneka. N'zoona?"

"N'zoona."

"Nanga nsomba yaikulu imene unaionapo inali bwanji? Kufika pa chitseko apa?"

"Kupitirira. Anainyamula amuna anayi."

"Aa, bodza!"

Eluby anayang'ana Sajeni. Sajeni anapita mu ofesi, anabwera ndi mpando wake womwe, n'kuuika pafupi ndi zitsulo za selo. Eluby anakhala, anakonza chitenje, n'kuyamba kumufotokozera kuyambira pa tsiku loyamba limene anaona nyanjayo.